Madzulo tizisewera chani ndi ana? Bawo, makadi, ludo, tiuzeni za kwanu

Mayi wa ku Chilinde:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo abale. Sukulu zatsala pang'ono kutsekera nde kwanga kudzaza, ana anga atatu, ana awiri a achemwali anga ochokera ku Kasungu, komanso apongozi anga aamuna akubwera kudzaonetsa maso kuchipatala akhala nafe mpaka chaka chatsopano. Vuto langa ndi loti tikangomaliza kudya nsima aliyense amalowa mufoni mwake, wina TikTok wina mpira wina kaya zichani, nyumba yodzaza anthu koma kuli zii. Ndikufuna gemu yoti tizisewera tonse kuyambira wa zaka 6 mpaka agogo akewo, isakhale yodula chonde, komanso yoti magetsi akazima tizipitiriza pa kandulo. Kwanuko mumasewera chani?

Sisi wa ku Ndirande:
Ludo basi mayi osachedwa nazo. Anthu anayi nthawi imodzi, malamulo ake mwana amawagwira tsiku lomwelo, ndipo mabolodi ambiri kuseri kwake kumakhala gemu ya njoka ndi makwerero ija nde mwagula ziwiri pamtengo umodzi. Chongosamala ndi dayisi, kamasowa msanga kanthu kaja. Ine ndinakaika mukabotolo kakang'ono koonekera mkati n'kutseka, munthu amangokhutchumula botolo lomwelo n'kuliika pansi nambala tonse tikuiona, sikagweranso pansi pa sofa komanso palibe woti abere poponya.

Bambo wa ku Chinamwali:
Ludo ndi wabwino koma mukonzeke kutonthoza anthu. Lamulo loti sutuluka mpaka utagwetsa 6 limazunza ang'onoang'ono, anzake azungulira bolodi yonse iye akadali m'nyumba, kenako wangotuluka kumene mkulu wake wamudya wabwerera pomwe anayambira, misozi pompo. Ife tinasintha, amene alibe kanthu panjira timamulola kuponya katatu, ndipo wamng'ono kwambiri timamuphatikiza ndi wamkulu akhale timu imodzi. Ena amati musamafewetse malamulo mwana azolowere kuluza, koma ine ndimaona kuti akalira lero ndi mawa, mkuja patebulo sabweranso.

Ankolo a ku Joni:
Makadi abale anga. Paketi imodzi, makadi 52 ndi majoka awiri, mwathana nazo, imalowa m'thumba la shati koma magemu ake ndi ambirimbiri. Kuno ku Johannesburg Lamlungu anyamata a kumudzi tikakumana timamenya Casino ndi Crazy 8 zomwe eni dziko amakonda, koma ine mtima wanga uli pa knock yathu ija. Kwathu tinkasewera chonchi, mwagawana makadi otsala ali pakati, umaponya khadi lofanana nambala kapena mtundu ndi lomwe lili pamwamba, ukasowa ukutola, 2 akatera wotsatira atole awiri, 8 amadumpha munthu, J amatembenuza njira, A ndiye umalamula mtundu womwe ukufuna, ukatsala ndi limodzi ugogode patebulo ndipo ukaiwala kugogoda anzako n'kukugwira ukutolanso. Khomo lililonse limasinthako penapake koma mutu wake ndi umenewo. Anthu olo asanu ndi awiri mukhoza kukhala pamphasa imodzi, zomwe ludo sangathe.

Mayi wa Mvano:
Pepani ankolo koma makadi ayi. M'nyumba mwanga salowa. Ine ndinakula ndikuona ndi maso zomwe makadi amachita, mlongo wanga weniweni ankati akagulitsa fodya ku okushoni ndalama zisanafike n'pakhomo pomwe iye wakhala kale kuseri kwa golosale ndi anzake, kuyambira masana mpaka tambala woyamba, chaka china anasiya njinga komweko, chaka china mbuzi za amayi athu, mlamu wanga anatopa nazo n'kubwerera kwawo ndi ana. Mukudziwa anayamba bwanji? Anayamba ali kamnyamata, kuseweretsa machesi ndi mtedza pakhonde, tonse tikuti n'zachibwana. Nde mukamati tiwagwiritse ana makadi patebulo lomwe timadyera ndi kupempherera ine thupi limachita tsemwe.

Sisi wa ku Ndirande:
Eee pepani mayi, zowawa zimenezo.

Aphunzitsi a masamu:
Amayi a Mvano nkhani yanu ndaimva ndipo sindikuipeputsa, ambirife tili ndi m'bale amene juga inamusaukitsa. Koma ndiloleni ndinene mbali inayi. Chomwe chinadya njinga ija ndi ndalama yoika pakati, ndipo masiku ano mwana safunanso makadi kuti ayambe juga, ili mufoni momwemo, ana a Fomu 2 akubetcha mpira ndi kandege kaja pa buleki ndi ndalama ya kamba, ndimawaona ndi maso angawa. Mwana amene wakhala ndi bambo ake ndi mayi ake akuponya makadi ndikudziwa ali pati ndipo akutani, amene wadzitsekera kuchipinda ndi foni uja ndiye ndimamuopera.

Komanso makadi amathandiza masamu kwabasi. Kwa wanu wa zaka 6 uja mayi wa ku Chilinde yesani iyi, chotsani ma 10, J, Q, K ndi majoka, atsala makadi 36, ayaleni chovundikira mizere isanu ndi umodzi, A akhale 1. Aliyense avundukule awiri, akakwana 10 powaphatikiza atenge n'kuvundukulanso, akapanda kukwana awabwezere pomwe anali. Mwana amaphunzira yekha kuti 7 amafuna 3, 6 amafuna 4, uku akukumbukira pomwe anaona khadi lija, ndipo mudzadabwa kuti pa gemu imeneyi ana ang'ono amatiwina ife akuluakulu mosawasiyira dala.

Pomwe ndikugwirizana nanu kwathunthu amayi ndi pa machesi ndi mtedza paja. Pakati pasakhale kanthu kalikonse, olo switi, olo zoti woluza atsuka mbale. Mapointi muzilemba mukope basi.

Bambo wa ku Chinamwali:
Aphunzitsi olo mbale zomwe? Kwathu woluza ndi amene amatsuka ndipo zimayenda bwinobwino.

Aphunzitsi a masamu:
Olo mbale bambo. Ntchito ya pakhomo ikasanduka chilango mwana amayamba kuiona kuti ndi ya anthu oluza, ndiye mwamuphunzitsanso kuti gemu imakoma pokhapokha ngati pali chotaya. Poyambira pake ndi pomwepo pomwe amayiwa akudandaula.

Mayi wa Mvano:
Zikomo aphunzitsi, za mafonizo mwanena zoona, ngakhale kumpingo kwathu azimayi akulira nazo. Koma ine makadi ndiye ayi ndithu mtima sulola. Amene akutha kusewera mwamtendere asewere, sindikuweruza munthu.

Madala a ku Nkhotakota:
Ana anga ndakhala ndikuwerenga kuchokera pamwamba kudikira kuti wina atchule bawo, mpaka mwakafika ku Casino wa ku Joni bawo osaitchula. Zandikhudza. Gemu yathuyathu, yosafuna magetsi, yosafuna dayisi, mulibe za mwayi mmenemo ndi mutu wako basi. Maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, nkhomo 64 aliyense zake 32. Bolodi mulibe, kumbani pansi pa mtengo wa mango tolani timiyala mwayamba. Kuno kunyanja makolo athu ankatiuza kuti inabwera ndi amalonda a Chiswahili nthawi ya a Jumbe, ndipo mpaka lero ku Zanzibar amasewera yofanana ndi yathuyi. Asodzi mwera ukawomba osatheka kulowa m'madzi amakhala pa bawo kudikira nyanja idekhe.

Ndipo inu mayi wa ku Chilinde mwanena nokha kuti apongozi anu maso akuwavuta. Makadi pa kandulo sadzawaona, timadontho ta padayisi sadzationa, mudzangowasiya pakona ndi wailesi pomwe mumafuna akhale nanu. Bawo ndi ya m'manja, dzanja likalowa m'dzenje limawerenga lokha. Munthu wamkulu wokulira kumudzi ndikukhulupirira amaidziwa, akungosowa womufunsa. Aikireni bolodi patsogolo muone mmene ati awongokere pampando.

Mtsikana wa ku Chipata:
Agogo mwakamba zoona. Kuno ku Zambia ni nsolo, mizere ni inayi chimodzimodzi koma maenje amatha kuchuluka, pamsika mumapeza akumba pansi mzere wautali anthu angapo mbali ino angapo mbali iyo, akukuwa kuuzana poyenda. Nayenso ni azibambo okhaokha koma, ine ninaphunzira mochita kuba ndi maso.

Anesi a ku Mangochi:
Madala ndikupatsani ulemu wonse koma tinene zoona, chifukwa chomwe ambirife sitinatchule bawo n'choti sitinaphunzitsidwe. Asisi a ku Chipata akhudza pomwepo. Kwathu bawo inali ya azibambo, pansi pa mtengo pafupi ndi sitolo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ife atsikana tikudutsa ndi ndowa pamutu, ukangoima pang'ono kuti uonerere akuthamangitsa ati kaphike. Amayi anga mpaka lero akamva kulira kwa nkhomo pabolodi amati ulesi wayambika. Nde kwa ife bawo siinali gemu ya pabanja, inali yochotsa bambo pakhomo. Ludo ndi makadi zinalowa m'nyumba chifukwa aliyense zinkamulola kukhala pansi, mtsikana mnyamata mayi, palibe wothamangitsidwa.

Madala a ku Nkhotakota:
Mwana wanga zimene wanenazi sindingatsutse, ndi mmene zinalili ndipo m'malo ambiri zikadali choncho. Koma bolodi siinathamangitse munthu, anathamangitsa ndi anthu okhala pabolodipo. N'chifukwa chake ndikuti ilowe m'nyumba, ikhale pamphasa pomwe mayi ali, pomwe mtsikana ali. Ine mdzukulu wanga wamkazi ali Sitandade 6, ndinamuyamba ndi timiyala pakhonde, pano azibambo a kudoko akamuona akubwera amayamba kukhala bwino chifukwa amawerenga ulendo wonse ndi maso asanagwire nkhomo. Ndipo akamasewera pakhomo, bambo sasowanso chifukwa chokhalira pakhomo.

Achimwene a ku Leeds:
Moni nonse kuchokera kuno kozizira. Miyezi ino dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane nde magemu a m'nyumba ndiwo akutisunga. Ndikuchenjezeni za Monopoly musanataye ndalama, ndi yodula, imatha maola ndi maola, ndipo choipa kwambiri n'choti amene ndalama zamuthera amatuluka n'kukhala pambali kudikira anzake amalize, kwa mayi amene akufuna kuchotsa ana pafoni ndiye kuti mwawabwezera komweko. Ana anga amakonda Uno, makadi ofiira achikasu obiriwira ndi abuluu, anaiyambitsa ndi munthu wometa tsitsi wa ku Ohio ku America mu 1971 akusewera ndi banja lake lomwe, ndipo kunena zoona ndi knock yomwe ankolo afotokoza ija kungoti zochita zinajambulidwa pakhadi pomwepo. Mkangano wake umakhala umodzi, kusanjikiza +2 pa +4 kuti wotsatira atole zonse, eni ake a gemu ananena poyera mu 2019 kuti sizololedwa koma kwathu ana anakana kumva. Amayi a Mvano mwina imeneyi ingakupepukireni, ilibe fungo la kuseri kwa golosale.

Koma madala ndili ndi pempho. Ndili ndi bolodi ya bawo yokongola ndinagula kwa osema a panjira ya ku Senga Bay, ili pashelefu alendo amangoiyamikira, ana akufuna kudziwa kaseweredwe kake. Tafotokozani pang'onopang'ono ndikawawerengere.

Mayi wa Mvano:
Uno ndinaiona adzukulu a anzanga akusewera, ya mitundumitundu ija eti? Imeneyo mwina ndingaganizire.

Madala a ku Nkhotakota:
Tsitsani bolodiyo lero lomwe achimwene, siinasemedwere fumbi. Yambani ndi ya ana, ya akuluakulu ibwera pambuyo. Ikani nkhomo ziwiri m'dzenje lililonse, maenje onse 32. Mizere iwiri ya mbali yako ndi yako, wakutsogolo ndi wakumbuyo, ndipo umazungulira m'mizere yako yokhayo, kwa mnzako sugwetsako. Ikafika nthawi yako umafukula dzenje limodzi momwe muli ziwiri kapena kuposa, n'kumagwetsa imodziimodzi m'maenje otsatira, kumanja kapena kumanzere wasankha wekha. Nkhani yonse ili pomwe yomaliza yagwera. Ikagwera m'dzenje lopanda kanthu wagona, nthawi ndi ya mnzako. Ikagwera mu mzere wakutsogolo momwe muli kale zina, ndipo dzenje la mnzako loyang'anizana nalo muli nkhomo, wadya, tenga zonse za mnzakozo uyambe kuzigwetsa kuchokera dzenje lakumapeto kwa mzere wako wakutsogolo. Ikagwera momwe muli zina koma patsogolo palibe chodya, kapena ndi mzere wakumbuyo, fukula zonse za m'dzenje limenelo upitirize ulendo. Nde ulendo umodzi utha kuzungulira kangapo, kudya apa kudya apo, mnzako akungoona mzere wake ukutha, apa ndi pomwe ana amaimirira n'kuyamba kukuwa. Ukaona kuti palibe poyambira podya umangotakata, kuyendetsa zako, ndipo ukayamba ndi kutakata sudya mpaka ugone. Koma ngati podya palipo sungazembe, uyenera kudya. Woluza ndi amene mzere wake wakutsogolo watha psiti, kapena watsala ndi imodziimodzi zoti sangayende nazo.

Ya akuluakulu ndiyo imagwiritsa dzenje la makona anayi lija mukuliona pabolodi yanu, lachisanu kuchokera kumanzere mu mzere wakutsogolo, imeneyo ndiyo nyumba. Mumayamba ndi 8 m'nyumba, ziwiriziwiri m'maenje awiri a kumanja kwake, zotsala 20 zili m'manja, ulendo uliwonse ukuikapo imodzi mpaka zithe. Luso lagona pa kuteteza nyumba ndi kudziwa nthawi yoiphwasula, ukafulumira wataya mphamvu, ukachedwa mnzako wakudyera yonse. Koma izi n'zofuna kukhala pansi, ana ayambe azolowera kuyenda kaye.

Dalaivala wa mathiraki:
Madala mwafotokoza bwino kwambiri. Ndiwonjezereko kamodzi, ku Dar es Salaam tikamadikira katundu ndimasewera ndi anzathu a kumeneko, iwo m'nyumba amaika 6 ndipo m'manja mumakhala 22, osati 8 ndi 20 ngati kwathu. Ziwirizo zimaoneka zochepa koma kawerengedwe konse koyambira kamasintha. Mukakumana ndi mlendo gwirizanani kaye musanagwire nkhomo.

Aphunzitsi a masamu:
Onani zomwe madala alembazo ndi diso la mkalasi. Njira ya munthu mmodzi ili ndi maenje 16, mwana wagwira nkhomo 11 akufuna adziwe yomaliza igwera pati asanayambe, kenako awonjezere zomwe azipeze pamenepo n'kuwerenganso, kumanja zitha bwanji kumanzere zitha bwanji. Ndi masamu a m'mutu omwe timavutika nawo teremu yonse, iye akuwachita mosangalala chifukwa akufuna kudya agogo ake.

Mnyamata wa kabaza wa ku Mchesi:
Mabwana musaiwale draft. Ife pasiteji tikamadikira makasitomala ndi yomweyo ndipo sitinagulepo kanthu. Katoni ya sopo, jambulani mabokosi 64, asanu ndi atatu uku asanu ndi atatu uku, detsani lina kusiya lina ndi makala kapena pentopeni, zitsekerero za mabotolo 24, wina 12 zoyang'ana kumwamba wina 12 zovundikira, ikafika kumapeto mwasanjikiza ziwiri yakhala kingi. Mayi apatseni anawo apange okha bolodi masana, chomwe wapanga yekha mwana sachitaya. Chokhacho mugwirizane poyamba ngati kudya cham'mbuyo kulipo komanso ngati kingi ikuuluka mzere wonse kapena ikuyenda bokosi limodzi, pamenepa ndi pomwe anthu amayambanirana.

Mtsikana wa ku Chipata:
Bolodi yomweyo ya draft ni ya chess, mwana akaonetsa mutu musamuimitse. Ife tili na Amon Simutowe wa ku Ndola anakhala grandmaster, udindo wa akatswiri apamwamba kwambiri a chess, mu 2009, woyamba kuno kumwera kwa Sahara.

Anesi a ku Mangochi:
Ndipo kwathu kuno a Susan Namangale anatsogolerapo bungwe la chess la dziko lino ndipo akuphunzitsa ana kudzera ku Dadaz Chess Academy, mzimayi ameneyo. Nde zoti magemu a mutu ndi a azibambo zija zithe. Madala mwandikopa, bolodi ndigula ndipo woyamba kuphunzira ndi mwana wanga wamkazi. Ife kunyumba timasewera Scrabble kuti ana azolowere Chingerezi, koma apongozi anga amakhala pambali, tinayesa kulola mawu a Chichewa zinakanika chifukwa pa timatabwa 100 tija K ndi mmodzi, Z mmodzi, M awiri, W awiri, pomwe E alipo 12, kuphatikiza Q ndi X zomwe ife sitizifuna n'komwe. Tinachita kudula katoni kuwonjezera ma K, M, W, Z ndi A, kuyambira pamenepo agogo akutiwina ndi mawu oti ana sanawamvepo, kenako gemu imaima akufotokoza tanthauzo lake ndi nkhani ya kumudzi yomwe.

Mayi wa ku Chilinde:
Abale zikomo kwambiri sindimayembekezera kuti muyankha chonchi. Bawo yandigwira mtima makamaka chifukwa cha maso a apongozi. Koma ndili ndi nkhawa ziwiri. Yoyamba bawo ndi draft ndi za anthu awiri, ife tilipo asanu ndi atatu, enawo akamadikira si ndiye abwerera kumafoni? Yachiwiri ndi yovutirapo, ine kukhala maso ndi maso ndi apongozi anga aamuna kumawadyera nkhomo sindingathe, kwathu sitinaleredwe choncho, olo kudya kumene sitidyera pamodzi.

Ankolo a ku Joni:
Ya anthu ambiri ilipo achemwali. Kuno kuli gemu yotchedwa 30 Seconds, inayambira konkuno ku South Africa mu 1998, mumagawana matimu, khadi lililonse lili ndi mayina asanu, wina amafotokoza osatchula dzinalo anzake a timu yake azitchula, masekondi 30 akatha mwawerenga zomwe akhoza. Ya m'shopu musagule, mayina ake ambiri ndi a kuno ndi a kunja ana anu sangawadziwe, agogo ndiye kaya. Dulani mapepala mulembe zathu, Ilala, Sapitwa, thobwa, chambo, kondowole, Kamuzu, John Chilembwe, Bullets, Wanderers, Gule Wamkulu, mayina a m'Baibulo, ngakhale mayina a midzi ya kwanu ndi a azakhali omwe. Aliyense alembe mapepala ake mobisa muponye mu mtanga. Foni ikhale imodzi yokha yowerengera nthawi. Agogo pamenepo safuna maso, akufuna makutu basi, ndipo pa mayina akale timu yomwe ili ndi agogo ndi yomwe iwine.

Bambo wa ku Chinamwali:
Pa bawo odikira samasowa chochita mayi, oonerera ndi amene amalongolola kuposa osewera. Agaweni mbali ziwiri azilangiza, wowina akhale woluza apereke mpando.

Madala a ku Nkhotakota:
Za ulemuzo musadzikakamize mwana wanga, mwaleredwa bwino. Si inu woti mukhale ndi apongozi pabolodi. Mwambo wathu unakonza kale, agogo ndi mdzukulu ndiwo amaseka limodzi, mdzukulu wamkazi agogo amamutchula kuti mkazi wanga, wamwamuna amalimbana naye mwanthabwala, pamenepo kudyana nkhomo palibe mlandu. Tumani mwana akawafunse kuti agogo tiphunzitseni bawo, musanene ndinu. Inu mukhale pamphasa chapambali mukusenda mtedza maso ali pabolodi, masana muziyeserera ndi ana, kenako muzisewera ndi bambo a kunyumba. Ndipo akayamba kuphunzitsa musawauze kuti a pagulu anati chakutichakuti, ngati kwawo amasiyanitsa penapake tsatirani zawo.

Mayi wa ku Chilinde:
Ndamva madala, nditero. Nde ndiyamba ndi bawo, ludo wa ang'onoang'ono ndi ya mapepala ya ankoloyi. Makadi ndikambirana kaye ndi bambo a kunyumba, nkhani ya amayi a Mvano yandikhalabe mumtima koma ya ma 10 ya aphunzitsi ndaikondanso. Tsopano bolodi ya bawo yabwino ndiipeza bwanji? Za pamsika wa zosemasema pafupi ndi positi ofesi ku Old Town ndimaziona koma zimaoneka zazing'ono.

Kalipentala wa ku Kawale:
Mwaona bwino mayi, zambiri za pamenepo amasemera alendo zoti zilowe mu sutikesi, zokongola koma maenje ang'onoang'ono, nkhomo zikachuluka zimasefukira m'dzenje la pambali nde mkangano. Kwa munthu wamkulu wa maso ovuta mukufuna maenje otakasuka oti zala zitatu zilowe bwinobwino, pansi pake posalala mozungulira kuti nkhomo zizituluka ndi kukokolola kamodzi, mpata pakati pa maenje ukhalepo, nyumba ikhale ya makona anayi yoti dzanja liizindikire, ndi kadzenje kena kumapeto kosungira za m'manja. Paini ndi wotchipa koma amang'aluka akagwa, m'bawa kapena mlombwa adzasewerapo ndi adzukulu anu omwe.

Podikira yathabwa yambani ndi mathireyi a mazira. Imodzi ili ndi maenje 30, asanu uku asanu ndi limodzi uku, dulani mzere umodzi itsale mizere inayi ya maenje asanu ndi limodzi, pa thireyi yachiwiri dulani kachidutswa ka mizere inayi ya maenje awiri, lumikizani ndi tepi pa katoni, maenje 32 akwana. Maenje ake ndi ochepa nde gwiritsani nyemba kapena chimanga. Mabulo ndi abwino pa yathabwa koma ngati pakhomo pali mwana wokwawa asiyeni, amameza. Ndipo nkhomo muzikhala nazo zoposa 64, sabata yoyamba zingapo zimasowa ndithu. Mukufuna yopinda pakati ya mahinjesi kapena ya thabwa limodzi? Yopinda imasungika bwino koma pamphasa imagwedera.